Kodi anthu a ku Mali amadalira chiyani, nanga chuma cha Mansa Musa chinapita kuti?

Mphunzitsi wa ku Namwera

Akuluakulu, abambo ndi amayi amene mumawerenga pano, ndikupereka moni kwa nonse. Ine ndimaphunzitsa jogalafe ndi mbiri yakale pa sukulu ina ya sekondale yoyendera kuno ku Namwera, ndipo ndabwera ndi funso lokhudza dziko la Mali, limene lili kumadzulo kwa Africa. Ophunzira anga amalidziwa dzikoli chifukwa cha ufumu wakale wa Mali ndi mfumu yake Mansa Musa, koma mukawafunsa za Mali wa lero amangotchula likulu lake, Bamako, n'kukhala chete. Mlandu si wa anawo, chifukwa zimene timawaphunzitsa zimalekera m'zaka za m'ma 1500, ngati kuti anthu a kumeneko anathera pomwepo.

Zimene mapu ndi mabuku amaonetsa ndazisonkhanitsa kale. Dzikoli ndi lalikulu masikweya kilomita pafupifupi 1,240,000, kutanthauza kuti Malawi angalowemo kakhumi, koma kalembera wa mu 2022 anapeza anthu opitirira pang'ono 22 miliyoni, chiwerengero chimene sichikusiyana kwenikweni ndi chathu. Lazunguliridwa ndi mayiko asanu ndi awiri, omwe ndi Algeria, Niger, Burkina Faso, Côte d'Ivoire, Guinea, Senegal ndi Mauritania, ndipo monga dziko lathu lino, silikhudza nyanja yamchere paliponse. Mbali yonse ya kumpoto ili m'chipululu cha Sahara.

Funso langa lili pawiri. Choyamba, anthu ochuluka chotere amapeza bwanji chakudya ndi ndalama m'dziko louma ngati limeneli? Chachiwiri, chimene chikundivuta kwambiri kufotokozera ana, zinatheka bwanji kuti dera limene kulemera kwake kunamveka mpaka ku Cairo ndi ku Ulaya likhale lero m'gulu la mayiko osaukitsitsa, lomvekanso ndi nkhondo ndi asilikali olanda boma? Ophunzira ena amayankha mwachidule kuti vuto ndi kusowa doko, ndipo ndimaona kuti akamatero amakhala akuganizira dziko lathu lomwe lino. Yankho limenelo silindikhutiritsa, popeza chuma cha Mansa Musa sichinadzere pa doko lililonse. Ndithokoza aliyense amene angandithandize ndi mfundo zimene ndingaimirire nazo pamaso pa kalasi.

Wopuma pa ntchito ya zausodzi, kwa Chimwala

Aphunzitsi, ndiyankhapo mbali yoyamba yokha, popeza ndiyo ikuyandikira ntchito imene ndinkagwira pakati pa asodzi a ku Malombe ndi a m'mbali mwa Shire. Pempho langa ndi lakuti pophunzitsa muziyamba ndi mtsinje wa Niger, chipululu chizibwera pambuyo, chifukwa mwana amene wamvetsa mtsinjewo wamvetsanso kumene anthu a ku Mali amakhala, chimene amadya ndiponso chimene amakanganirana.

Anthu ambiri sakhala m'chipululu ayi. Madera a kumpoto a Timbuktu, Gao ndi Kidal amatenga pafupifupi magawo awiri mwa atatu a dziko lonse, koma mumakhala pafupifupi munthu mmodzi yekha mwa anthu khumi aliwonse. Kum'mwera, cha ku Sikasso, mvula imaposa mamilimita 1,000 pachaka, ndipo amalima chimanga, thonje, mbatatesi ndi mango. Pakati pali dera louma lotchedwa Sahel, la mchewere, mapira ndi mitengo ya malambe. Mvula yawo imagwa kuyambira Juni mpaka Sepitembala, nthawi imene ife tatha kale kukolola, ndipo kutentha kumafika pachimake mu Epulo ndi Meyi, moti mu Epulo 2024 mzinda wa Kayes unapitirira madigiri 48. Chakudya cha tsiku ndi tsiku m'midzi yambiri ndi tô, imene ndi nsima ya ufa wa mchewere kapena mapira, ndiwo zake therere kapena masamba a mlambe.

Mtsinje wa Niger ndi wautali makilomita pafupifupi 4,200, wachitatu mu Africa pambuyo pa Nile ndi Congo. Umayambira m'mapiri a ku Guinea, pa mtunda wosakwana makilomita 300 kuchokera ku nyanja ya Atlantic, koma m'malo motsikira ku nyanjayo umalowa m'kati mwa Mali, kudutsa Bamako, Ségou ndi Mopti mpaka kukafika m'mphepete mwa chipululu pafupi ndi Timbuktu, kumene umakhota n'kulowera ku Gao, kenaka ku Niger ndi ku Nigeria. Pakati pa Ségou ndi Timbuktu nthaka ndi yathyathyathya kwambiri, kotero kuti madzi a mvula imene inagwa ku Guinea amayenda pang'onopang'ono, n'kumwazikira m'madambo, m'maiwe ndi m'timitsinje tosawerengeka. Ku Mopti, kumene mtsinje wa Bani umathira mu Niger, madzi amafika pachimake cha mu Okutobala ndi Novembala, mvula itasiya kale. M'zaka za mvula yambiri madziwa amaphimba malo oposa masikweya kilomita 20,000, pomwe m'chilala cha 1984 sanafike ngakhale theka la malo amenewo.

Chimene ndimachita nacho chidwi ndi momwe magulu atatu a anthu amagwiritsira ntchito dambo limodzi mosinthana. Madzi akamakwera, nsomba zimalowa m'madambo kukaswana ndi kunenepa, ndipo alimi amakhala atafesa mpunga wa mtundu umene umatalika motsatana ndi madzi, umene nthawi zina amakolola ali m'bwato. Nthawi imeneyo abusa a mtundu wa Fulani amakhala atapita kutali ndi ng'ombe zawo kumadera ouma kumene mvula yameretsa msipu. Madzi akayamba kuphwera, nsomba zimatsekeredwa m'maiwe ndi m'ngalande, ndipo imeneyo ndiyo nyengo ya asodzi a mtundu wa Bozo ndi Somono, amene amagwira milamba, nsomba za mtundu wa chambo ndi nsomba yaikulu imene iwo amaitcha capitaine. Zambiri amaziwamba kapena kuziyanika n'kupita nazo ku msika wa ku Mopti, kumene zimachokera kupita mpaka ku Burkina Faso ndi ku Côte d'Ivoire. Kenaka ng'ombe zimabwerera kudzadya udzu wa m'madzi wotchedwa bourgou, ndipo tsiku limene zimawoloka mtsinje pa Diafarabé limakhala la chikondwerero chachikulu.

Kusinthana kumeneku kunali ndi malamulo ake. Seku Amadu, amene anayambitsa ufumu wa Chisilamu wa Masina mu 1818, anagawa madambo m'zigawo, ndipo chigawo chilichonse chinali ndi mkulu wotchedwa jowro, amene ankanena tsiku lolowetsa ng'ombe, gulu loyamba kulowa ndi msonkho umene alendo ankapereka. Asodzi nawonso anali ndi mabanja a eni madzi, amene ankatsegula ndi kutseka usodzi pa dziwe lililonse. Ife amene tinavutika kukhazikitsa makomiti a m'madoko chambo atasowa ku Malombe m'zaka za m'ma 1990 tikudziwa mphamvu ya lamulo limene anthu amalimvera chifukwa ndi la makolo awo, ndiponso kuvuta kwa kulidzutsa likagwa.

Ku Mali lamulolo lakhala likufooka. Chilala cha 1973 ndi cha 1984 chinapha ziweto zambiri ndipo chinakankhira anthu ku madambo. Damu la Markala, limene linatha kumangidwa mu 1947, limapatutsa madzi kupita ku minda ya mpunga ndi nzimbe ya bungwe la boma la ulimi wothirira lotchedwa Office du Niger, ndipo damu la Sélingué limasunga ena opangira magetsi. Zonsezi n'zothandiza, koma madzi akachepa m'madambo nsomba ndi msipu zimachepanso. Alimi anayamba kulima m'njira zodutsa ng'ombe, msonkho wa msipu unakwera, ndipo abusa osauka ankadandaula kuti milandu ya malo imakomera amene ali ndi ndalama. Kuyambira 2015 gulu la zigawenga la Amadou Koufa linakopa achinyamata ambiri pakati pa abusa otere, midzi ina inapanga magulu ake a mfuti, ndipo mu Malichi 2019 anthu oposa 150 anaphedwa m'mudzi wa Ogossagou. Ine ndimaona kuti nkhondo ya m'chigawo chapakati inayambira pa msipu ndi madzi isanayambe kutchedwa ya chipembedzo.

Mwalimu wa madrasa, kwa Mponda

Asalamu alaikum, ndiponso moni kwa abale athu a mipingo ina. Bambo a kwa Chimwala afotokoza bwino za mtsinje, ndipo ine ndiyankhe mbali yachiwiri, aphunzitsi anzanga, chifukwa kwa ife Asilamu dzina la Timbuktu si lachilendo.

Mwanena zoona kuti chuma chakalecho sichinadzere pa doko. Nthawi imeneyo chipululu ndicho chinali njira ya malonda, ndipo dera limene lero ndi Mali linali pakati penipeni pa ogula ndi ogulitsa. Kum'mwera, ku Bambuk ndi ku Bure, kunali golide koma kunalibe mchere. Kumpoto, ku Taghaza ndipo pambuyo pake ku Taoudenni, anthu ankasema mchere m'miyala yaikulu n'kuunyamula pa ngamila. Mizinda ya Djenné, Timbuktu ndi Gao inakula chifukwa ndi pamene katundu wa pa ngamila ankakumana ndi katundu wa m'mabwato, ndipo mfumu imene inkateteza njirazo inkatolera msonkho pa katundu wolowa ndi wotuluka yemwe. Sundiata Keita anakhazikitsa ufumu wa Mali cha m'ma 1235. Mansa Musa anapita ku Hajj mu 1324, ndipo olemba mbiri a nthawiyo analemba kuti golide amene anagawa ndi kugulira zinthu ku Cairo anatsitsa mtengo wake kwa zaka zingapo. Atabwerako anamangitsa mzikiti wa Djinguereber ku Timbuktu, umene anthu akuswaliramo mpaka lero. Mali atafooka, ufumu wa Songhai wa ku Gao unalowa m'malo, ndipo mu ulamuliro wa Askia Muhammad, amene anatenga ufumu mu 1493, maphunziro a ku Timbuktu anafika pachimake.

Ana a kuno angamvetse msanga nkhaniyi mukaiyandikiza ndi yathu. Chisilamu chinafika m'dera lino kudzera m'njira za malonda zochokera ku Kilwa ndi ku Zanzibar, ndipo mafumu monga Makanjira, Mponda ndi Jalasi anachilandira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, pamodzi ndi alembi odziwa kulemba m'zilembo za Chiarabu. Ku Mali zinayenda chimodzimodzi, kungoti zinachitika zaka mazana angapo m'mbuyo ndipo amalonda ake ankachokera kumpoto kwa Africa. N'chifukwa chake pa madhhab, kutanthauza njira yomasulira malamulo a Chisilamu, iwo amatsata a Maliki pomwe ife timatsata a Shafi'i, ngakhale kuti gulu la mapemphero la Qadiriyya limapezeka konsekonse. Lero anthu oposa asanu ndi anayi mwa khumi aliwonse kumeneko ndi Asilamu. Musawabisirenso ana kuti m'njira zonse ziwirizi munkadutsa akapolo pamodzi ndi golide kapena minyanga, chifukwa mbiri yobisa zimenezo imalera anthu onyada koma osadziwa.

Chimene chinasintha ndi njira ya malonda. Zombo za Apwitikizi zinafika ku gombe la dziko limene lero ndi Ghana mu 1471, ndipo mu 1482 anamanga linga la Elmina. Pang'ono ndi pang'ono golide anayamba kutsikira ku nyanja m'malo mokwera kudutsa chipululu. Mu 1591 asilikali a ku Morocco, amene anali ndi mfuti, anagonjetsa Songhai pa nkhondo ya ku Tondibi, ndipo patapita zaka zochepa anagwira akatswiri a maphunziro a ku Timbuktu, kuphatikizapo Ahmad Baba, n'kupita nawo ku Marrakech. Afalansa atafika, analanda Bamako mu 1883 ndi Timbuktu mu 1894, dziko analitcha Soudan, ndipo njanji anaiyala yolunjika ku Dakar kuti zokolola zizitsikira ku doko. Dera limene linali pakati pa malonda linasanduka lakutali, lodikira kuti katundu adutse kaye m'manja mwa ena. Mizinda ya kumpoto ndiyo inaluza kwambiri, ndipo dandaulo la Atuaregi, mtundu wa anthu a m'chipululu, lakuti Bamako anawaiwala lili ndi mizu yake pamenepa.

Chimene chinatsala ndi mabuku. Mabanja a ku Timbuktu anasunga zolembedwa pamanja zikwizikwi zokhudza malamulo a chipembedzo, nyenyezi, masamu, mankhwala ndi makalata a malonda, zina zolembedwa m'zilankhulo zawo koma m'zilembo za Chiarabu. Dziko la South Africa, mu nthawi ya Thabo Mbeki, linathandiza kumanga nyumba yatsopano yosungiramo zolembedwazi, imene inatsegulidwa mu 2009. Mu 2012 zigawenga zimene zinkadzitcha zoteteza Chisilamu zinalanda mzindawu, zinagumula manda a mashehe akale, ndipo pothawa mu Januwale 2013 zinatentha kapena kuba zolembedwa pafupifupi 4,000. Zambiri zinapulumuka chifukwa eni ake anali atazizembetsa kale m'mabokosi achitsulo, pa galimoto ndi pa mabwato, kupita nazo ku Bamako. Mmodzi wa atsogoleri a zigawengazo, Ahmad al-Faqi al-Mahdi, anavomera mlandu ku khoti la milandu ya padziko lonse ku The Hague mu 2016 ndipo analamulidwa kukhala m'ndende zaka 9. Zimandipweteka kuti anthu otchula dzina la Mulungu ndiwo anatentha maphunziro amene Asilamu anzawo anawasunga kwa zaka mazanamazana. Ana anga a madrasa ndimawaonetsanso chithunzi cha mzikiti waukulu wa ku Djenné, womangidwa ndi dothi mu 1907, umene anthu a mzinda wonse, amuna, akazi ndi ana, amasonkhana chaka chilichonse kuumata mwatsopano mvula isanayambe.

Mphunzitsi wa ku Namwera

Zikomo kwambiri bambo a kwa Chimwala, zikomonso a mwalimu. Mfundo yakuti njira ya malonda ndiyo inasamuka yandimasulira zambiri, ndipo ndidzauza ana kuti ajambule mapu awiri, ena a njira za ngamila ndi ena a njanji ndi misewu yopita ku madoko, kuti aone okha kumene mivi ikuloza. Komabe kuyambira 1960 dzikoli lakhala likudzilamulira lokha, ndipo sindikufuna kuti ophunzira azikankhira zonse kwa Apwitikizi ndi Afalansa. Kodi pali amene angatifotokozere momwe katundu amalowera m'dzikolo masiku ano, ndiponso chimene chachititsa kuti asilikali azilanda boma kawirikawiri?

Dalaivala wa galimoto zonyamula mafuta, Mangochi boma

Aphunzitsi, ntchito yanga ndi yokatenga mafuta ku Beira ndi ku Dar es Salaam, ndipo nkhani za madalaivala anzathu a ku Mali ndimazitsatira chifukwa moyo wawo ndi wathu womwe. Kuchokera ku Bamako kukafika ku Dakar ndi mtunda woposa makilomita 1,000, ndipo kukafika ku Abidjan n'chimodzimodzi. Palinso madoko a Conakry, Lomé, Tema ndi Nouakchott, koma awiri oyambawo ndiwo amanyamula katundu wambiri. Njanji yakale ya ku Dakar inasiya kudalirika, choncho mafuta, simenti, feteleza ndi mankhwala zimayenda pa msewu, ndipo mtengo wa ulendo wonsewo umakathera pa wogula wa kumudzi.

Mbiri ya dzikoli ikuonetsa kuti njira imodzi ikatsekeka dziko lonse limamva kuwawa. Mali analandira ufulu mu Juni 1960 ali m'chitaganya chimodzi ndi Senegal, koma patangotha miyezi iwiri anasiyana, ndipo pa 22 Sepitembala 1960 Modibo Keïta analengeza dziko la Mali loima palokha. Njanji ya ku Dakar inatsekedwa mpaka 1963, katundu n'kumadzera ku Abidjan. Mu 2002 nkhondo inabuka ku Côte d'Ivoire, njira ya ku Abidjan inaduka, ndipo amalonda anathamangira ku Dakar, ku Lomé ndi ku Tema. Mu Januwale 2022 bungwe la mayiko a kumadzulo kwa Africa la ECOWAS linatseka malire ndi Mali kwa miyezi isanu ndi umodzi pofuna kukakamiza asilikali kuti achititse chisankho. Kuyambira Sepitembala 2025 zigawenga za gulu lotchedwa JNIM zinayamba kutentha galimoto za mafuta zochokera ku Senegal ndi ku Côte d'Ivoire, madalaivala ena anaphedwa, mizere ya pa malo omwetsera mafuta ku Bamako inatalika, ndipo boma linatseka sukulu zonse kwa milungu iwiri. Akuluakulu a kuno akukumbukira momwe nkhondo ya ku Mozambique inadulira njanji za ku Beira ndi ku Nacala m'zaka za m'ma 1980, katundu wathu n'kumazungulira ku Durban. Choncho ophunzira anu sakulakwa kwenikweni potchula doko, kungoti chofunika kwambiri ndi mtendere wa pa msewu wopita ku dokolo ndi ubale wabwino ndi eni ake.

Za kulanda boma ndinena mwachidule. Modibo Keïta anachotsedwa ndi Moussa Traoré mu 1968, ndipo Traoré analamulira mpaka Malichi 1991, pamene asilikali otsogozedwa ndi Amadou Toumani Touré anamuchotsa anthu ambiri ataphedwa pa zionetsero. Alpha Oumar Konaré anapambana chisankho mu 1992, patatsala zaka ziwiri kuti ife tichite chathu cha zipani zambiri, ndipo kwa zaka 20 Mali ankatchulidwa ngati chitsanzo cha demokalase. Mu 2012 Atuaregi, ena atabwera ndi zida kuchokera ku Libya Gaddafi atagwa, anaukira kumpoto, ndipo asilikali a boma, podandaula kuti akutumizidwa ku nkhondo opanda zida zokwanira, anachotsa Touré, amene nthawi imeneyo anali pulezidenti wosankhidwa. Asilikali a ku France anabwera mu Januwale 2013, a United Nations anatsatira chaka chomwecho, koma nkhondo inangofalikira m'chigawo chapakati. Ibrahim Boubacar Keïta, amene anasankhidwa mu 2013, anachotsedwa mu Ogasiti 2020, ndipo Assimi Goïta anatenga mphamvu zonse mu Meyi 2021.

Achinyamata ambiri a kuno amayamikira asilikaliwa pa Facebook ndi pa TikTok chifukwa anathamangitsa asilikali a ku France mu 2022 ndi a United Nations mu 2023, anaitana a ku Russia, analandanso mzinda wa Kidal mu 2023, ndipo pamodzi ndi Burkina Faso ndi Niger anatuluka mu ECOWAS mu Januwale 2025. Malamulo atsopano oyendetsera dziko a mu 2023 anakweza zilankhulo zawo 13, kuphatikizapo Chibambara chimene ambiri amalankhula, kukhala za boma, Chifalansa n'kutsala chongogwirira ntchito. Chinthu chimenecho ndimachilemekeza. Koma lipoti la United Nations linanena kuti anthu osachepera 500 anaphedwa ku Moura mu Malichi 2022 pa ntchito ya asilikali a boma ndi anzawo akunja, ndipo mu 2025 zipani zonse za ndale zinathetsedwa, Goïta n'kupatsidwa zaka zina zisanu popanda chisankho. Ine ndimayesa boma poona ngati dalaivala angachoke ku doko n'kukafika kwawo ali moyo, ndipo pa muyeso umenewo zinthu sizinakhale bwino. Muonenso kuti mayiko atatu amene agwirizanawo onse alibe doko, kotero kuti ngakhale atagwirizana chotani, katundu wawo wambiri adzadutsabe kwa anzawo amene asiyana nawo.

Mlangizi wa zaulimi, kwa Chilipa

Abambo nonse mwalankhula zomveka, koma sindinaone amene wayankha aphunzitsi za kumene ndalama zakunja za dzikoli zimachokera lero. Golide sanathe ku Mali. Migodi ya Loulo-Gounkoto, Fekola, Sadiola ndi Syama yakhala ikutulutsa matani oposa 60 m'zaka zina zaposachedwa, ndipo golide yekha amabweretsa pafupifupi magawo atatu mwa anayi a ndalama za katundu wogulitsidwa kunja. Migodi yaikuluyi ili m'manja mwa makampani akunja monga Barrick ndi B2Gold, ndipo lamulo la migodi la mu 2023 linakweza gawo limene boma ndi anthu a m'dzikolo angakhale nalo kufika pa 35 pa 100 iliyonse, zimene zinautsa mkangano waukulu ndi Barrick. Pambali pa migodiyi pali anthu wamba ochuluka okumba ndi makasu ndi mafosholo, ofanana ndi abale athu okumba golide ku Makanjira, ndipo mu Januwale 2024 mgodi wina wotere unagumuka m'dera la Kangaba n'kupha anthu oposa 70.

Mbewu imene imafika m'thumba la mlimi ndi thonje, ndipo apa ndi pamene ine ndimaphunzirapo. Kampani ya CMDT, imene inakhazikitsidwa mu 1974, imapereka mbewu, feteleza ndi mankhwala pa ngongole kudzera m'magulu a alimi a m'midzi, imalengeza mtengo anthu asanabzale, ndipo imagula thonje lonse. M'zaka zabwino Mali wakolola matani oposa 700,000 ndi kukhala pakati pa mayiko otsogola mu Africa. Mlimi wa ku Koutiala amalowa m'munda akudziwa mtengo, ndipo feteleza wa thonje amathandizanso chimanga chimene amabzala pa malo omwewo chaka chotsatira. Mu 2020 mtengo utatsitsidwa, alimi ambiri anagwirizana kuti asabzale, zokolola zinatsika kwambiri, ndipo chaka chotsatira mtengo unakwezedwa. Alimi anga kuno amabzala thonje asakudziwa wogula kapena mtengo, ndipo ambiri asiya n'kutembenukira ku nandolo ndi chitowe.

Komabe ndisakometsere zonse. Pafupifupi thonje lonselo limatuluka losawomba kudzera m'misewu yomwe bambo dalaivala afotokoza, pomwe nsalu zimene anthu amavala zambiri zimachokera kunja. Chodabwitsa china n'chakuti chigawo cha Sikasso, chimene chili ndi mvula yambiri ndi thonje lambiri, chakhala chikupezeka ndi ana ambiri opinimbira chifukwa cha kuperewera kwa zakudya, mpaka akatswiri a zaumoyo akhala akufufuza chifukwa chake. Ndalama za thonje zimabwera kamodzi pachaka ndipo zimafikira m'manja mwa mkulu wa banja, pomwe amayi amakhala ali kumunda kuyambira kupalira mpaka kutola, nthawi yophikira ana n'kuchepa. Kwa Chilipa kuno ndimaona zofanana m'mabanja amene agulitsa mbewu zonse pamodzi mu Juni, ndipo ndinayamba kupempha kuti pa misonkhano ya makalabu a alimi amayi azikhalapo tsiku logawa ndalama, osati tsiku lolandira mbewu lokha.